Nkhafi Zotola

Sonkhezerani motowo phula lingaume mumphika, kenaka mukhale pansi. Ndakhala ndikukumvani mukunong'onezana za chala changachi. Wina akuti chinapanidwa ndi chingwe cha nangula, wina akuti anandiluma mkazi wa ku Gebala nditamukana. Lekani kundinamizira akazi. Popeza nyengo ino nyanja yatsekedwa ndi mphepo, ngalawa zonse zili pamtunda ndipo palibe kothamangira, ndikuuzani mmene zinakhalira. Ine si munthu wa mawu okometsera. Dzina langa lokha, Yatoni, ndi limene ndimalizindikira likalembedwa. Koma zimene ndinaona ndinaziona, ndipo zimene ndinachita ndinazichita.

Ndinali wopalasa pa ngalawa ya nkhondo ya mfumu ya ku Turo. Inu mwazolowera ngalawa zamalonda, zamimba zija, zoyenda ndi thanga ngati nkhalamba yokhuta. Yathu inali yayitali, yopyapyala, kutsogolo ili ndi nyanga ya mkuwa yobisala m'madzi, yoboolera ngalawa za adani. Pamwamba pa nyangayo anajambulapo maso awiri. Opalasa tinkakhala m'mizere iwiri mbali iliyonse, wina pamwamba wina pansi, asilikali ali padenga pamwamba pathu, zishango atazikoleka m'mbali. Ine ndinali wa mzere wapansi, mbali ya kumanzere. Kumeneko umakhala mumdima, mu fungo la phula ndi la mapazi a mnzako wapamwamba, ndipo dziko lonse umalionera pa kabowo kotulukira nkhafi yako, koti ngakhale mutu sungakwane.

Mapazi amene ndinkanunkhiza ine anali a Akibori, mnyamata wa ku Arivadi wa pakamwa posatseka. Ankati ndizimuthokoza, chifukwa fungo la mapazi akelo ndi limene linkandithamangitsira nsabwe.

Chinthu china muchidziwe. Wopalasa amapita kumene akupita chafutambuyo. Msana ndiwo umatsogola, nkhope imayang'ana kumene wachoka. Maso athu anali a Sipiti, wowongolera ngalawa, mkulu wa imvi amene ankakhala kumchira kwa ngalawa atayang'anizana nafe, tsigiro lili m'manja. Zakutsogolo tinkaziwerenga pa nkhope yawo. Makutu athu anali pa chitoliro cha Arisi, amene ankatiimbira kuti nkhafi zonse zimire ndi kuvuuka pamodzi.

Chaka chimenecho midzi ina ya pa chilumba cha Kitimu inakana kugonjera mfumu. Anthu akumeneko ndi amtundu wathu womwe. Makolo awo anachoka kuno, ndipo amayankhula ngati ife, kungoti amakoka mawu. Tinakumana nawo pakati pa nyanja, mtunda usakuoneka mbali iliyonse. Za nkhondoyo ndilibe zambiri zonena, chifukwa wa mzere wapansi nkhondo amaimva ndi matako. Ngalawa yawo ina inatipyola pafupi, kukhula mbali yathu ya kumanzere, nkhafi zathu n'kuthyoka ngati mapesi. Anzathu akumanja anatitembenuza, a Sipiti anatukula nsidze, ndipo ndinangomva gu, mpando n'kundikankha. Nyanga inali italowa. Titabwerera m'mbuyo kuti izuke, pa kabowo kanga ndinaona madzi atadzaza matabwa, mitsuko, nkhafi, ndi mitu ya anthu.

Ngalawa zinzathu zinathamangitsa othawa, kenaka zinalunjika kwathu. Ife tinatsala. Mphepo inafa, thanga likungolendewera ngati chikopa chonyowa, ndipo kumanzere kunalibe nkhafi yamoyo ngakhale imodzi.

A Sipiti anati tigawane nkhafi za kumanja, theka uku theka uku, tizipita pang'onopang'ono. Koma mkulu wa ngalawa, a Geremeli, anali wachinyamata, wachibale wa kunyumba ya mfumu. Anati iwo salowa padoko la Turo akukwawa ngati nkhanu, anzawo atalandira kale nthungululu. Analoza nkhafi za adani zimene zinkayandama mbali zonse, nati titole zimenezo.

Mwana aliyense wa m'mbali mwa nyanja amadziwa kuti nkhafi ya munthu wofera m'madzi satola. Mtembo nyanja imasunga, koma nkhafi imaitumiza kwawo, kaya patapita mwezi kaya chaka, kuti akunyumba akaiimike pakhomo n'kulira maliro. Popanda nkhafi palibe maliro, mkazi amangodikira. A Sipiti anawakumbutsa zimenezi mwaulemu, mutu ataweramitsa. A Geremeli anati mtengo ndi mtengo basi, ndipo wokana amutsitsira m'madzi akatsagane ndi eni nkhafizo.

Tinayamba kutola. Ena ankakola ndi ngowe, ine ndinangotulutsa mkono pa kabowo kanga. Nkhafi ina inabwera yokha, mpini uli kutsogolo, yosalala bwino, ya mtengo wabwino kuposa yanga ija. Nditaigwira ndinaona kuti pampinipo pali dzanja. Linali dzanja lamanja, lalikulu, lopanda chala chapakati. Nkhope sindinaione, kabowo kanali kakang'ono. Ndinakoka, dzanjalo silinasiye. Ndinakokanso, ndipo ndinamva kuti nalonso likukoka. Munthuyo anali wamoyo.

Ndikanatha kuitana a ngowe kuti amuvuule. Ndikanatha kusiya n'kudikira ina. Koma a Geremeli anali akukalipa padenga, ndipo nkhafiyo inali yokongola. Ndinatenga chiduswa cha nkhafi yanga yothyoka n'kumenya zalazo. Sizinasiye msanga. Zitasiya, ndinalowetsa nkhafiyo n'kuimangirira pa chikhomo ndi lamba wachikopa. Nditakweza maso ndinaona Akibori akundiyang'ana pakati pa maondo ake. Kenaka anabweza maso n'kupitiriza kumangirira nkhafi yake.

Tinanyamuka kulowera kum'mawa.

Mpini wa nkhafi umadyeka potsata zala za mwini wake, n'kukhala ndi timaenje. Wangawo unali ndi timaenje ta zala zonse kupatula pakati, pamene panatsala kamtunda. Chala changa chapakati chinkasowa pokhala. Komanso mpiniwo unali wofunda. Ndinati mwina ndi dzuwa, koma nkhafiyo inali itachoka m'madzi, ndipo dzuwa litalowa inakhalabe yofunda ngati pamene wangochokapo munthu.

Tsiku lotsatira tinayamba kuphonyana ndi chitoliro. Ife akumanzere nkhafi zathu zinkamira chitoliro chisanalire, pang'ono chabe, ngati munthu woyankha funso usanamalize kufunsa. Akumanja anayamba kutinyoza kuti tikuthamangira kwa akazi athu asanathawe ndi ogulitsa nsomba. Akibori anawayankha kuti iwo sathamanga chifukwa kwawo kulibe wowadikira. Anthu anaseka, koma ine ndinkadziwa kuti sindine ndikufulumira. Ndikati ndichedwetse, mpini unkandikoka mikono. Arisi anayesa kutibweza, analephera, kenaka anayamba kutitsatira ife. Pofika masana anali akuimba nyimbo imene palibe anaimvapo, yokoka, yokhala ngati yotonthoza mwana. Atamufunsa kumene anaiphunzira, anachotsa chitoliro pakamwa n'kuchiyang'ana nthawi yayitali. Anati iye akuimba yomwe ija ya masiku onse.

Madzi akumwa nawo anayamba kutivuta. Mitsuko ya mbali yathu inkatha msanga, ngati tikumwa anthu awiri pampando umodzi. Woyang'anira chakudya anatitcha akuba, n'kugona atakumbatira mtsuko womata ndi phula. M'mawa anaupeza uli womatabe, koma atautukula unali wopepuka. Sanatitchenso akuba. Nkhuyu zouma zimene munthu wasunga pansi pa mpando ankazipeza zitachepa, osati zonse, theka lokha, ngati wagawana ndi mnzake mwachilungamo.

Ndipo panali fungo la anyezi. Mu ngalawa monse munalibe anyezi, tinamaliza kalekale. Koma ndikaweramira kutsogolo kuti ndimize nkhafi, kenaka n'kukoka, pakhosi panga kumbuyoku pankafika mpweya wofunda, haa, wonunkha anyezi waiwisi. Wokhala kumbuyo kwanga anali patali, ndipo anali munthu woti anyezi amadana naye. Sindinacheuke. Wopalasa sacheuka, ndipo tsiku limenelo ndinathokoza lamulolo.

Amene anazindikira chachikulu anali Akibori. Munthu ukamapita kwathu kuchokera ku Kitimu, dzuwa la m'mawa limakuwotcha kumsana, chifukwa msana ndiwo umayang'ana kum'mawa. M'mawa wina ndinaona kuwala kwagwera pa maondo a Akibori, kutsogolo. Iye anaweramira pansi n'kundinong'oneza.

"Achimwene, dzuwa lili m'maso mwanga."

Ndinamuuza kuti mwina a Sipiti akuzemba mafunde. Anati kulibe mafunde, nyanja ili ngati mafuta m'mbale. Mawuwo anayenda mpando ndi mpando, ndipo posakhalitsa maso onse anali pa a Sipiti. Mkuluyo anali atakhala monga mwa masiku onse, koma manja anali pamaondo. Tsigiro linali lokha, losagwedezeka, ngati laligwira wina.

A Geremeli anatsika padenga n'kuwafunsa mokalipa chimene akuchita. A Sipiti anayankha motsitsa mawu, koma m'bata limene lija tonse tinamva.

"Bwana, ine ndinasiya kuwongolera dzulo. Ndalimbana nalo mpaka mapewa achita dzanzi. Nkhafizi zikupita kwawo. Ife ndife katundu chabe."

Kwawo kunali ku Kitimu, kwa anthu amene tinawaphera amuna, abale ndi ana. Kukafika kumeneko ndi ngalawa imodzi, tili ndi ludzu, nkhafi za akufa awo zili m'manja mwathu, aliyense ankadziwa mathero ake. A Geremeli analamula kuti akumanzere tileke, apalase akumanja okha kuti titembenuke. Akumanja anapalasa mpaka misana inalira, koma ngalawa sinatembenuke ngakhale pang'ono. Ndiye analamula kuti nkhafi zotolazo tizitaye.

Tinamasula malamba n'kuzikankhira kunja. Ine ndinakankha yanga ndi manja awiri, mtima n'kupepukako. Tinagawana za kumanja monga ananenera a Sipiti poyamba paja. Mawu a akulu amakoma akagonera. Koma apa anali atagonera mopitirira. Tinapalasa mpaka dzuwa kupendeka, thukuta lili chuchuchu, ndipo chikhokho cha mkate chimene wina anataya m'madzi tisanayambe chinali pomwepo, pambali pathu. Ngalawa inali ngati yakhala pamwala.

Nkhafi zotaya zija sizinapite kutali. Zinandanda m'mbali mwa ngalawa, iliyonse pansi pa kabowo kamene inatulukira, mpini utaloza kwa ife. Mdima utagwa zinayamba kugogoda. Sikunali kugogoda kwaukali ayi. Kunali go, go, kenaka kudikira, ngati mlendo waulemu amene wanena odi ndipo akudziwa kuti eni nyumba ali m'katimo. Asilikali, anthu oti anaonapo magazi ambiri, anaunjikana pakati pa denga osayang'ana m'mbali. Wina anayamba kupemphera kwa milungu ya kwawo, mnzake n'kumuletsa kuti angatimve. Palibe anafunsa kuti angatimve ndani.

Yanga inkagogoda pafupi ndi khutu langa. Pakati pa ine ndi iyo panali thabwa limodzi la mkungudza. Akibori anatsitsa dzanja n'kundigwira paphewa. Anati nkhafi zinazo zikungotsatira, yotsogolera ndi imodzi, ndipo tonse awiri tikuidziwa. Ndinamupempha kuti asauze munthu, poopa kuti andiponya m'madzi. Anati sauza munthu, koma kumene tikupitako kuli wina amene safunika kuuzidwa.

Kutacha, mtsuko wamadzi unatsala umodzi. A Geremeli anali atakalamba usiku umodzi wokha. Anayang'ana a Sipiti, a Sipiti anayang'ana ife, ndipo popanda wolamula, aliyense wa kumanzere anatulutsa mkono pa kabowo kake. Yanga inalowa m'dzanja langa ndisanaifunefune. Inali yofunda.

Zimene zinatsatira sindidziwa kuzinena bwino. Ndapalasa zaka zambiri, pa ngalawa za mfumu ndi za anthu wamba, koma kupalasa kwa tsiku limenelo sindinakuonenso. Titangoleka kulimbana nazo, nkhafizo zinapepuka ngati nthenga. Arisi anatseka maso n'kuimba nyimbo yachilendo ija, ndipo nkhafi zonse, zathu ndi zawo, zinkamira ngati ndi imodzi. Sizinkathovutsa madzi. Zinkalowa mwakachetechete, n'kutuluka zikudontha, ngalawa ikuseseleka ngati ikutsetsereka paphiri. Ludzu linatichoka. Matuza a m'manja analeka kupweteka. Ndinkamva thabwa la mpando wanga likulemera ngati takhalapo awiri, ndipo ndikakoka panali wina wokoka nane, wamphamvu kuposa ine, wodziwa ntchito kuposa ine. Anandiphunzitsa kupinda dzanja potulutsa nkhafi m'madzi, kapindidwe kamene ndakhala ndikukuphunzitsani inu. Tsopano mwadziwa kumene ndinakatenga.

Dzuwa litalowa sitinaime. Kunalibe mwezi, koma paliponse pamene nkhafi yakhudza, madzi ankayaka ngati ziphaniphani. Ndinayandikitsa diso pa kabowo kanga. Pansi pa madzi, pambali pathu, pankayenda chinthu chachitali, chamsinkhu wa ngalawa yathu, chakuda kuposa madziwo. Ndinadziuza kuti ndi mthunzi wathu. Kenaka ndinakumbukira kuti usiku wopanda mwezi ulibe mthunzi. Ndinachotsa diso. Mantha ndinali nawo, koma sanali mantha okha. Zinali ngati mmene munthu umamvera ukalowa m'nyumba ya milungu usanasambe. Amuna akuluakulu ankalira misozi akupalasa, osachita manyazi, ndipo Akibori, amene sankadziwa nyimbo ina iliyonse kupatula zotukwana, ankang'ung'udza nawo nyimbo ya chitoliro ija ngati anabadwa nayo.

Chala changa chapakati chinali chitayamba kuchita dzanzi kuyambira tsiku loyamba. Usiku umenewo chinapindika n'kuuma, kuchoka pampini, kuti dzanja langa likhale bwino m'timaenje tija.

M'bandakucha tinalowa m'nkhungu. A Geremeli anauza asilikali kuti atenge mikondo, koma a Sipiti anati aike pansi, chifukwa amene watibweretsa sanatibweretsere nkhondo, ndipo ngati watibweretsera imfa, mkondo suthandiza. Kwa nthawi yoyamba a Geremeli anamvera. Tinamva tambala. Tinamva fungo la utsi. Kenaka pansi pa ngalawa panati khwee pamchenga, mofatsa ngati mayi akugoneka mwana, ndipo nthawi yomweyo nkhafi zonse zotola zinalemera n'kukhala mitengo wamba. Chitoliro chinadukiza nyimbo pakati.

Nkhungu itayamba kuyera tinaona anthu pagombe. Anali akazi, ambiri ndithu, ena ndi ana kumsana, kumbuyo kwawo kuli nkhalamba zingapo zachimuna ndi mikondo yophera nsomba. Akaziwo anali atanyamula mitsuko ya madzi ndi madengu a mikate. Anali atavala zovala zawo zabwino. Pambuyo pake ndinamva kuti nyimbo ija anaimva ili kutali, usiku, n'kudzutsana nyumba ndi nyumba kuti amuna athu akubwera. Anabwera kudzawachingamira. Ndiye nkhungu inachoka, n'kuona maso ojambulidwa pa ngalawayo kuti si a ngalawa yawo.

Palibe analira. Palibe anathawa. Anangoima, ife tili m'ngalawa, iwo ali pamchenga, mafunde ang'onoang'ono akunyambita pakati pathu. Kuseri kwa nyumba zawo kunkaoneka utsi wa midzi ina, ndipo tinkadziwa kuti mfuu umodzi wokha ukwanira kutiitanira chilumba chonse.

A Sipiti anati aliyense atsike ndi imene anatola. Palibe anasuntha. Akibori anandigunda ndi chidendene paphewa, nati yotsogolera itsogole. Ndinamasula lamba, ndinasenza nkhafi, ndinatsikira m'madzi ofika m'chiuno. Anzanga anatsatira mmodzimmodzi, ndipo tinandanda pamchenga, aliyense ataimika nkhafi yake, mpini uli m'mwamba, maso ali pansi.

Akaziwo anayandikira. Sankatiyang'ana ife. Ankayenda nkhafi ndi nkhafi, kusisita mpini ndi zala, ngati wakhungu akufufuza nkhope ya mwana wake. Wina akapeza yake ankangoitenga n'kuikumbatira, n'kukhala nayo pansi pamchenga. Zinatha zonse, kutsala yanga.

Amene anabwera kwa ine anali mayi wamsinkhu wapakati, wamfupi, m'manja muli ufa woumira. Sanafufuze ngati anzake. Anaika zala zake m'timaenje tija, n'kusisita kamtunda kapakati ndi chala chachikulu. Anati chala chimenecho mwamuna wake anachisiya pa nkhwangwa ya bambo ake ali mwana. Kenaka anaona dzanja langa. Analigwira, kulitembenuza, kuyesa kuwongola chala chopindikacho. Sichinawongoke. Anandiyang'ana m'maso, n'kundifunsa ndi mawu okoka a kwawoko.

"Bambo, nkhafiyi munaipeza ikuyandama yokha?"

Kumbuyo kwanga ndinamva a Geremeli akutsokomola. Anthu onse a m'ngalawa ija, moyo wawo unali pa lilime langa. Bodza linali pafupi, lalifupi, la mawu amodzi. Koma pakhosi panga kumbuyoku panafika mpweya uja, wofunda, wosafulumira.

"Ayi, mayi. Anali ataigwira. Anali wamoyo. Ndinamumenya zala kuti asiye."

Nkhalamba ina ya mkondo inasendera pafupi. Mayiyo anatukula dzanja osacheuka, nkhalambayo n'kuima. Ndinamva madzi akudontha kuchokera m'zovala zanga. Ndinali nditatseka maso, kudikira mfuu uja.

"Ndinadziwa," anatero. "Ameneyo sakanasiya nkhafi yekha. Akanafuna kukumizani, akanakumizani pakati pa nyanja. Wakubweretsani kuti mumunyamulire mpaka pakhomo. Senzani."

Ndinasenza. Iye anatsogola, ine pambuyo, kukwera kanjira ka miyala pakati pa nyumba, anthu akupatuka. Nyumba yake inali yakumapeto, yaing'ono. Pakhoma, pafupi ndi khomo, panalendewera nkhata za anyezi. Pansi pake panali kadzenje kosalala, kodyeka ndi zaka, pamene nkhafiyo inkaima mwini wake akakhala pamudzi. Ndinaiimika pomwepo. Dzanja langa lisanachoke, mpiniwo unazizira, kuyambira pamwamba kutsika, ngati mmene limazizirira dzanja la munthu amene wangotsirizika. Mphepo yoyamba ya masiku onse aja inadutsa, nkhata za anyezi n'kugwedezeka.

Mayiyo anathira madzi pansi, patsinde pa nkhafiyo. Ine sanandipatse. Anati ndizipita, ndisadzapondenso pachilumbacho, ndipo ndikamapalasa ndizipalasa bwino, chifukwa dzanja limenelo si langa ndekha. Nditafika pakati pa kanjira kaja ndinamva atayamba kulira kumbuyo kwanga. Kulirako kunalandiridwa ndi nyumba ina, kenaka ina, mpaka kugombe. Maliro anali atayamba.

Pagombe ndinapeza akazi onse atachoka ndi nkhafi zawo. Mitsuko ya madzi ndi madengu a mikate anazisiya pamchenga. Sanatipatse, sanatiletse. A Sipiti anati zimenezo anakonzera amene anapalasa ngalawayi kufika pano, ndipo popeza tinapalasa nawo limodzi, titenge theka, theka tisiye. Tinatero. Tinakankhira ngalawa m'madzi, tinagawana nkhafi za kumanja, ndipo tinapita kwathu tikukwawa ngati nkhanu. A Geremeli sanadandaule. Nyimbo ija Arisi anayesa kuikumbukira moyo wake wonse, osaipezanso.

Chala ndi ichi, gwirani amene akufuna. N'chozizira ngakhale ndichiwothetse moto. Chimafunda pokhapokha ndikagwira mpini wa nkhafi, ndipo chikafunda ndimakhala bwino pampando, kusiya malo kumbali.

Phula lapsa, liphuleni. Nyanja ikatseguka mudzaona zambiri zoyandama, ndipo zina mudzatola. Koma mukadzaona nkhafi ikuyenda yokha pamadzi, kaya ndi yokongola chotani, kwezani zanu ipite. Ili paulendo, ndipo kwina kwake kuli munthu waima pakhomo.